Mlendo wa pa Kompyuta ya Lonjezo

Sendererani kuno komwe kulibe utsi, ndikuuzeni za Mayi Makwinja a ku Chinamwali, ku Zomba kuja, amene ankakhala m'nyumba ya malata ya kumapeto kwa mzere.

Mayiwa anali ndi mwana mmodzi yekha, Lonjezo, mnyamata wamfupi, waphuma pa chilichonse kupatula pa kudya. Ndiye ankadyetsa nyumbayo. Pabalaza anaikapo tebulo ndi kompyuta yakale ya bokosi lalikulu lotuwa, ndipo anthu ankabwera kudzataipitsa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Tsiku lina anadandaula mutu. Anthu asanamve n'komwe kuti akudwala, anamva kuti wapita.

Mwambo wonse unayenda bwino. Atameta, achibale anayala mphasa pabwalo n'kuikapo katundu yense wa malemu. Atsibweni ake a Lonjezo ankanyamula chinthu chimodzichimodzi, kuchitchula, n'kuchipereka: nsapato kwa uyu, jekete kwa uyo. Atafika pa kompyuta anati, "Iyi isachoke m'nyumba muno. Mlongo wangayu anaphunzira taipi kusekondale, izimudyetsa." Onse anavomera, ndipo anyamata anaibwezera patebulo pomwe inali.

Mayi Makwinja sanalire. Mawu ankatulutsa monga maliro amafunira, koma m'kati munali zii, ngati mwendo wochita dzanzi. Ankadzuka, kusesa, kuphika, kudya osamva mchere. Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachifuna, ndipo sanauze munthu: kuti mwanayo abwere kamodzi kokha, ngakhale kutulo. Ena amalota abale awo, ena amamva fungo lawo pakhomo. Iwo ayi. Ankagona ngati mwala n'kudzuka m'nyumba yopanda mawu.

Mvula itasiya anayamba kulandira ntchito, koma kompyuta ija inali itakalamba. Ukaiyatsa unkatha kukatereka madzi, kusamba, n'kudzaipeza ikuganizabe. Zilembo zina pa kiyibodi zinkakana, ndipo m'bokosimo munkalira ngati chigayo. Mphunzitsi wina amene anabwera ndi mayeso oti amutaipire anadikira mpaka anatsanzika mwaulemu, osabweranso. Ndalama yogulira yatsopano panalibe.

Moyandikana nawo munkakhala amake Tinyade, ogulitsa mandasi. Chichitikireni maliro, m'mawa uliwonse ankasiya mandasi awiri pawindo, ovindikira ndi mbale, osagogoda. Iwowa ndi amene anati, "Pitani nayo kwa a Sayenda kuseri kwa msika. Amadzutsa ndi zakufa zomwe."

Kashopu ka a Sayenda kanali kodzaza makompyuta otsegula mimba, ena osanjikizana mpaka kudenga. Bamboyo atangoona bokosi lotuwa lija anavula magalasi.

"Iyi ndikuidziwa. Ndi ya Lonje iyi. Pepani mayi, pamaliro sindinaoneke, ndinali ku Liwonde."

"Zinachitika, bambo."

Anamasula timasikuluu, n'kuuzira fumbi, n'kusuzumira m'kati nthawi yaitali.

"Musataye mtima. Bokosi ndi labwino, sikirini ndi yabwino, disiki yosunga ntchito zake tiisiya momwemo. Chavuta ndi ramu, yachepa. Zili ngati kuphikira ukwati m'kampoto ka tiyi. Ndiye fani yoziziritsayi nayo yatopa, n'chifukwa chake phokoso lija."

"Zatsopanozo sindingakwanitse, bambo."

"Wanena zatsopano ndani? Ine zatsopano ndimangoziona pa zithunzi."

Anawerama n'kukoka kompyuta ina yakuda pansi pa benchi. Anati yangobwera kumene, waigula kuti aziphwasula. Anazulamo timapulanga tiwiri tobiriwira, tonga zipeso, n'kutilowetsa mu ya Lonjezo mpaka tinalira kuti tha. Anasinthanso fani, n'kuwonjezera kiyibodi ya kompyuta yakudayo, ya zilembo zofufutika koma zonse zogwira. Ataiyatsa inadzuka msanga ngati mwana woitanidwa ku nyama.

"Ya manja musandipatse," anatero a Sayenda. "Lonje ankanditumizira makasitomala osandipempha kanthu."

Anawaitanira wa kabaza, n'kuwathandiza kukhala bwino panjinga, bokosi lokulunga m'chitenje lili pamiyendo. Asanapite patali wa kabazayo anayamba kupuma movutika.

"Mayi, m'bokosimo mwaika njerwa?"

"Ndi kompyuta, achimwene."

"Ine ndanyamulapo matumba a chimanga, koma lero ngati takwera atatu."

Pamlatho panaima bambo wina wamtali, wovala jekete yosuluka. Sanawayang'ane kumaso, anayang'ana bokosi. Atadutsa, Mayi Makwinja anacheuka n'kuona akubwera pambuyo, osathamanga, manja ali m'matumba. Njinga inatsetsereka ndi liwiro. Atacheukanso, bamboyo anali pa mtunda womwewo, osatalikira, osayandikira. Pokhotera kunyumba anacheuka kachitatu, msewu unali mbee. Sanaope. Masiku amenewo mantha nawo sankawafika pamtima.

Ntchito inayamba kuyenda. Mphunzitsi uja anabwerera, anabweranso a kwaya ndi nyimbo zawo. Koma m'mawa wina, pofuna kupukuta fumbi, Mayi Makwinja anapeza bokosi lili lofunda, chonsecho anali atazimitsa pakhoma asanagone. Mausi inali kumanzere kwa kiyibodi. Anaibwezera kumanja. Kutacha inali kumanzere, ndipo mpando unali utakokedwa kutali ndi tebulo.

Kenaka machesi anayamba kutha. Bokosi la machesi logula dzulo ankalipeza latsala timitengo towerengeka, ndipo totentha kale sitinkaoneka paliponse.

Kenaka mawu. Kunja kukamayera, atambala atatopa kulira, pabalaza pankamveka tcha, tcha, tcha, pang'onopang'ono, ngati munthu wotaipa ndi zala ziwiri. Akadzuka n'kuyatsa kompyuta, pa sikirini pankakhala masamba ndi masamba oyera, opanda chilembo ngakhale chimodzi. Magetsi atazima dera lonse, mafiriji a m'magolosale ali chete, fani ija inkamvekabe m'nyumbamo ikupuma.

Mayi Makwinja anangoti mumtima, "Wabwera."

Sanatuluke kukamuona, kuopa kumuthawitsa. Anatsitsa kapu ya Lonjezo pa shelefu, n'kumathiramo tiyi madzulo, kuvindikira ndi sosala, kusiya pambali pa kiyibodi. Mawu aja akayamba ankalankhula ali chigonere, kudzera pa katani ya pakhomo la kuchipinda.

"Lonje, tiyi ali patebulo."

Kutaipa kunkaleka. Pakapita kanthawi kunkayambanso.

Tiyi sankamwedwa. Koma pa sosala pankapezeka phulusa, ndipo makatani anayamba kununkha fodya. Lonjezo sankasuta. Lonjezo sanali wamanzere. Lonjezo akamataipa zinkamveka ngati mvula pa malata, zala zonse pamodzi. Mayi wake zonsezi ankazidziwa kuposa munthu aliyense, koma ankazikankhira pambali monga munthu amakankhira mbale yosatsuka. Mwina kumeneko anthu amasintha, ankatero.

Tsiku lina amake Tinyade sanasiye mandasi pawindo. Anagogoda, n'kulowa nawo, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo, maso osayang'ana kutebulo.

"Amake Lonjezo, mwalandira mlendo osatiuza?"

"Mlendo wanji?"

"Dzulo madzulo inu muli kumpopi ndinadutsa pawindopa. Pampandopo panali bambo. Wamtali, mutu kufika pa kalendala paja. Ndinapereka moni, sanatembenuke."

"Ndi Lonjezo."

Amake Tinyade anasalaza chitenje pa mawondo.

"Anzanga, Lonjezo ndinamuberekapo kumsana ine. Kutalika anakulephera ali moyo."

"Mwina kumeneko amakula."

Mnzawoyo sanatsutse. Anatsegula mbale, n'kunyema ndasi limodzi, n'kuwapatsa theka m'manja ngati wodwala. Anadya onse awiri. Potuluka anaima pakhomo n'kunena motsitsa mawu, "Ine sindidziwa zinthu izi. Koma ngati si wanu, ndiye kuti kwinakwake kuli mayi amene akumudikira."

Madzulo a tsiku limenelo magetsi anazimanso. Mayi Makwinja sanayatse kandulo, sanapite kuchipinda. Anayala mkeka pabalaza pomwepo n'kukhala, msana kutsamira khoma. Kunja ana ankaitanidwa kukasamba. Mdima utayamba kudzaza m'makona, mpando unalira kuti kwee, monga umalirira munthu wolemera akaukhalira. Fungo la fodya linabwera. Pamalo pa mpandopo mdima unali wothinana kuposa pena ponse, ndipo unali wautali.

Tcha. Tcha. Tcha.

Anatsegula pakamwa kuti aitane dzina la mwana wawo, koma dzinalo linakana kutuluka.

"Bambo," anatero, "ndinu ndani?"

Kutaipa kunaleka. Fani inatulutsa mpweya wautali, wonga wa munthu amene wayenda ulendo n'kupeza kuti wasochera. Kenaka miyendo ya mpando inakhwekhwereza pa simenti, pang'ono pokha, mpaka mpandowo unaloza kukhomo.

Mayi Makwinja anamva zimene akuuzidwa. Koma kutacha sanapite kulikonse. Anabwezera mpando, n'kutaipa kalata ya mtsikana wina wofuna ntchito ya unamwino, madzulo n'kuthira tiyi m'kapu muja. Ngakhale si wanga, ankaganiza, m'nyumba muno muli munthu. Akachoka nditsala ndi makoma. Ndiponso timapulanga tija tikachoka, kompyuta ibwerera ku ukalamba wake, anthu adzayambanso kutsanzika mwaulemu. Anakhala choncho masiku angapo, osakondwa, osadandaula.

Mpaka m'mawa wina anatuluka kuchipinda n'kupeza chitseko chili chotsegula pang'ono. Kiyibodi inali pansi, pakati pa tebulo ndi khomo, chingwe chake chitakokeka mpaka polekezera, ngati cha mbuzi yomangidwa imene yaona kwawo. Anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaitola, n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Pepani, bambo," anatero. "Ndakuchedwetsani."

A Sayenda atawaona akulowa ndi bokosi lija ndi kiyibodi sanafunse kuti yavuta chiyani. Anawapatsa mpando wawo womwe, iwo n'kukhala pa kompyuta yakufa.

"Nanunso, mayi?"

"Nanenso. Zija munaika muno zinali za ndani?"

Bamboyo anakanda m'mutu. Anati kuyambira tsiku lomwe lija, m'mawa uliwonse ankapeza bokosi lakuda lija litatuluka pansi pa benchi, lili pakhomo, chonsecho loko ali wokhoma. Galu wa mlonda wa pamsika anasiya kudutsa mzere umenewo. Ndiye anayamba kufunsafunsa.

"Anabwera nayo mnyamata wa ku Namadzi, akuti mkulu wake wamupatsa. Ndamva tsopano kuti mkulu wakeyo, Edisoni Chikopa, anali atamwalira. Mnyamatayo anaitulutsira pawindo anthu akuimba pa siwa. Katundu anali asanayalidwe pamphasa, mayi. Asanamutchule n'komwe." Anapukusa mutu. "Ine ndinangoona zitsulo. Kuchokera liti munthu kufunsa ramu kuti kwanu n'kuti?"

Anazula timapulanga tija, n'kumasula fani, n'kubwezera zonse m'bokosi lakuda, sikuluu iliyonse pamalo pake. Ya Lonjezo anaibwezera zake zakale.

"Ibwerera kuchigayo kuja," anatero mwamanyazi. "Ndikapeza ramu ya mwini wamoyo, woti ndamugwira chanza ndekha, ndidzakuitanani. Yakudayi ndikaipereka kwawo ndine Loweruka."

"Ayi, bambo. Ndipita ndine. Wakhala kwanga."

Mu minibasi ya ku Namadzi anakhala pawindo, bokosi lakuda lili pamiyendo. Galimoto inadzaza, koma malo a pambali pawo ankangokhala opanda munthu. Mtsikana wina anakhalapo n'kunyamuka, akuti kukuzizira. Bambo wina wonyamula nkhuku anakhalapo, nkhukuyo inakupiza mapiko mpaka anasamukira kumbuyo.

"Kodi pamenepa pali minga?" anakalipa kondakitala. "Anayi anayi, makolo! Enanu mukufuna ndikubweretsereni sofa?"

Anthu anaseka, koma panalibe wosendera. Kondakitalayo anafuna kukhalapo yekha, anangokhudza ndi ntchafu n'kuimirira. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana bokosi, ndipo ulendo wonse anayenda chowerama pakhomo. Potsika anawalandira bokosilo ndi manja awiri mpaka ataponda pansi.

Kwa a Chikopa anawalozera azimayi ogulitsa tomato. Inali nyumba ya njerwa zootcha, kuseri kwa mitengo ya mango. Pakhonde panakhala mayi wachikulire, wochepa thupi, wometa kumene, akusankha nyemba m'lichero. Ataona mlendo ndi katundu wake anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Odi kuno."

"Fikani, mayi." Maso awo sanachoke pa bokosi. "Mwabwera naye."

Anapatsana moni monga mwa nthawi zonse, za kumudzi, za dzuwa. Kenaka Mayi Makwinja anafunsa, "Anali wamanzere?"

"Kuyambira ali khanda. Aphunzitsi anamenya dzanja limenelo mpaka anatopa okha."

"Ankasuta?"

"Ii, musanene. Ndinakalipa mpaka mawu anandithera." Mayi Chikopa anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndiye makina akewa ankawakonda ngati mkazi. Kutaipa kwake kwa zala ziwiri, ngati nkhuku yotola chimanga."

Anafotokoza kuti katundu wa Edisoni anali asanagawidwe mpaka tsiku limenelo. Atsibweni ake anakana kuyala mphasa chinthu china chikusowa. Mng'ono wake uja anathawira ku Blantyre ndi manyazi. Zovala, mabuku, nsapato, zonse zinali zomanga m'mitolo m'chipinda mwake, ndipo chipindacho chinkazizira ngakhale masana a mwezi wotentha.

Ananyamula bokosilo awiri, wina uku wina uku, ngakhale silinali lolemera motero tsopano. Analiika pa katebulo pomwe fumbi linasiya chizindikiro chake. Kiyibodi anaiika patsogolo. Ali chiimire, bedi la m'chipindamo linalira, ndipo matiresi anabonyoka m'mphepete monga amachitira munthu wotopa akakhala.

Mayi Chikopa sanadzidzimuke.

"Wafika, mwanawe," anatero. "Vula nsapato."

Anatuluka n'kukoka chitseko. Pakhonde anayalira mlendo wawo mkeka, n'kumupatsa madzi m'kapu yagalasi, ija yosungira alendo.

"Mayi, ndili ndi mawu," anatero Mayi Makwinja, akuyang'ana m'madzimo. "Poyamba ndinkayesa ndi wanga. Nane ndinataya mnyamata. Koma nditadziwa kuti si wanga sindinabwere msanga. Ndinamusunga. Mundikhululukire."

"Munkamupatsa kanthu?"

"Tiyi. Sankamwa."

"Shuga munkathira wochepa. Ameneyo tiyi wake ndi phala la shuga." Mayi wachikulireyo anawagwira bondo. "Mwandisungira mwana, mayi. Akanagwera kwa ena akanamuitanira anthu omukuwiza ndi kumuthira mchere. Inu munamupatsa kapu."

Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake.

"Nanga wanuyo, sanabwereko?"

"Ngakhale kutulo."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ndadikira, mayi. Ndasiya chitseko chosakhoma. Ndagona ndi malaya ake kumutu. Palibe."

Mayi Chikopa anatenga lichero n'kuliika pakati, mbali ina pa mwendo wawo, mbali ina pa mwendo wa mlendoyo.

"Ine usiku uliwonse ndakhala ndikupempha kuti wangayu asiye kuyenda," anatero. "Mukuganiza kuti amayenda chifukwa chokondwa? Mwamuona nokha. Wanu ngati sakubwera, wagona. Munamugoneka bwino. Musamudzutse."

Mayi Makwinja anaweramira lichero. Analowetsa dzanja m'nyemba n'kuyamba kusankha, yofumbwa uku, kamwala uko. Anasankha choncho mpaka nyemba zinayamba kuoneka ziwiriziwiri. Dontho linagwera pa dzanja lawo, lina m'lichero. Kenaka chinthu chija chinali chitauma pachifuwa chichokereni maliro chinasweka, ndipo mapewa anayamba kugwedezeka. Analira ngati uthenga wangofika kumene. Mayi Chikopa sanawatonthoze, sanati basi. Anangogwira lichero kuti lisagwe, n'kumasankhabe ndi dzanja limodzi.

Kulira kutachepa, onse awiri anamva. Kuseri kwa chitseko chija munthu ankapuma mwa tulo, mpweya wautali, wofatsa, wokhala ndi kamkonono pang'ono kumapeto.

Mayi Chikopa anaika chala pamlomo. Anasendeza mkeka kumapeto kwa khonde, ndipo nyemba zotsalazo anazisankha monong'ona.